Foda ya Mwana Wanga

Mwana wanga wachisamba ndiye analumikiza makompyuta a pasukulu ya sekondale imene ankaphunzitsa, kufupi ndi Linthipe. Anandifotokozera kuti mphunzitsi aliyense ali ndi foda yakeyake, ndipo zimene waikamo zimasungidwa m'makina atatu osiyana, kuti ena akawonongeka zisatayike. Ndinamva, koma sindinalabadire.

Atamwalira, achimwene anga, monga eni mbumba, anagawa katundu wake. Laputopu yake anaipereka kwa mdzukulu wawo wa ku Mphunzi, amene anafufuta zonse zimene zinalimo. Apongozi anga, mkazi wa malemuyo, analira kwambiri, pakuti zithunzi za ana ali ndi bambo awo zinali m'menemo. Ine sindikanatsutsa achimwene pamaso pa anthu.

Patapita mwezi ndinakumbukira mawu a mwana wanga aja. Ndinatenga apongozi kupita nawo kusukuluko, ndipo aphunzitsi aakulu anatitsegulira foda yake. Zithunzi zonse zinalipo.

"Amayi, taonani," anatero apongozi, "muli foda ina, analembapo kuti 'Amayi anga'."

Munali chithunzi chimodzi chokha: ine ndikupalira kachewere, osadziwa kuti mwana wanga akundijambula. Ndinapempha apongozi kuti atseke fodayo.