Tsiku limene ndinabereka apongozi kumsana

Mkhristu salumbira, ndiye ine sindilumbira. Ndingoti amene apeze bodza m'nkhani iyi abwere adzamasule mbuzi m'khola mwanga, asankhe yekha.

Zinali zaka za m'ma 1950, ine ndili mkamwini wa chaka chimodzi m'mudzi wina cha ku Mualadzi. Ukamwini wa masiku amenewo sunali wamasewera. Munda unali wa eni mudzi, nyumba inali pa dothi la eni mudzi, ndipo ukalakwa ankangokutulutsira mphasa panja, iwe n'kudziwa kuti ukwati watha. Lamulo lalikulu linali la apongozi, mayi a mkazi wanga. Sitinkayang'anana, sitinkalankhulana, za kukhudzana ndiye musatchule n'komwe. Tikakumana panjira, aliyense ankalumphira kutchire kwake. Chaka chonsecho nkhope yawo sindinkaidziwa. Ndinkawazindikira ndi chidendene.

Nthawi yomweyo ndinkaphunzira katekisimu. Apadiri ankafika kawiri pachaka pa mota, njinga yamoto ija, masiku ena onse tinali m'manja mwa akatekisita, bambo wamfupi wa dzino limodzi lakutsogolo. Iwo anatiphunzitsa kuti Mulungu amalankhula ndi ana ake mumtima. Ndinakondwa, chifukwa ndinayamba kumumva sabata yomweyo. Lolemba anandiuza kuti dzuwa lanyanya, ndikapume pamthunzi. Lachiwiri ananenanso zomwezo. Lachitatu anaonjeza kuti chiwindi cha nkhuku chimene anasungira alamu anga chinali changa.

Ndinakawafotokozera akatekisita, ndikuyembekeza kuti andibatiza okha osadikira apadiri.

"Mawuwo amamveka ngati a yani?" anandifunsa.

"Ngati anga, koma aulemu pang'ono."

"Anakuuzanipo chinthu chimene inu simunachifune?"

"Ayi ndithu. Timagwirizana pa zonse."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, dzino lija lili panja. "Achimwene, imeneyo ndi mimba. Nayo imadziwa kulankhula mwaulemu. Tsiku limene adzalankhule Mwini wake, mudzamufunsa ngati sanasokere khomo."

Chimanga chitayamba kukhwima, nguluwe zinatilowerera. Pofuna kuonetsa kuti mudziwo unapeza mkamwini weniweni, ndinakumba mbuna, dzenje lakuya kupitirira msinkhu wanga. Pansi ndinazika zisonga za nsungwi, pamwamba ndinayala timitengo ndi udzu. Inali kumalire a munda, pafupi ndi kanjira kopita kudimba la apongozi, ndiye anayenera kuchenjezedwa. Koma mkamwini sauza apongozi kanthu. Amauza mkazi wake, mkaziyo n'kukauza amake. Ndinauza mkazi wanga. Iye anatuma mng'ono wake. Mng'ono wakeyo anauza azakhali. Ndinamva pambuyo pake kuti uthengawo unafika mpaka ku Cassacatiza, anthu akumeneko n'kumayenda monyang'ama. Kwa apongozi okha ndi kumene sunafike.

Tsiku lina mudzi wonse unapita kumaliro, ine anandisiya kuti ndizipirikitsa anyani. Dzuwa litakwera ndinamva kubuula cha kumbuna. Ndinathamanga ndi mkondo, mumtima ndikugawa kale nyama, mwendo uwu kwa akuti, nthiti kwa akuti. Nditasuzumira m'dzenje ndinaona chidendene. Ndinachidziwa.

Mkondo unagwa wokha. Apongozi anali atabwerera kudzathyola ndiwo zokaphikira anamfedwa, n'kupatuka pang'ono panjira. Chisonga chinawaboola katumba, magazi akutuluka ngati pakasupe. Atazindikira amene wafika, anadzifunda nsalu kumutu.

Pambali pa mbuna panali mtengo wa msuku. Apongozi analankhula ndi umenewo.

"Msuku iwe, uza munthu waima apoyo achoke. Akaitane eni mudzi."

Ndinagwada, n'kuwomba m'manja kwa mtengowo. "Amsuku, auzeni kuti eni mudzi ali kutali. Kupita ndi kubwera, magazi adzakhala atatha."

"Muuze kuti magaziwo ndi anga."

Mtima unakhala m'malo. Andituma okha, ndipo pa kuthamanga kukaitana anthu panalibe mlandu. Ndinatembenuka, ndinaponda kawiri, ndipo pamenepo ndi pamene ndinamva. Bingu silinagunde, tsamba silinagwedezeke. Mawu ake anali aafupi: tsika, uwanyamule.

Ndinacheuka. Ngakhale msuku uja ndinauyang'anitsitsa. Ndinafunsa mimba, mimba inati thawa. Miyendo inati thawa. Makolo anga onse, kuyambira agogo mpaka amene sindinawaone, anati thawa. Ndinati, "Ambuye, kapena za kuno simuzidziwa bwino. Awa ndi apongozi." Ndinafotokoza za mwambo, ndinafotokoza za mphasa, ndinatchula amuna anayi a m'mudzimo oyenera ntchitoyo kuposa ine, onse ali kumaliro. Mawuwo sanakangane nane, sanakwezenso. Anangokhala pomwepo ngati munga kuphazi. M'dzenjemo kubuula kunayamba kuchepa.

Ndinatsika.

Apongozi anakuwa mpaka mbalame za dera lonselo zinasamuka, zina sizinabwerere kufikira lero. Ndinadula chisonga, ndinamanga mwendo ndi malaya anga amodzi omwewo, ndinasema makwerero pakhoma la dzenje, n'kuwaika kumsana. Potuluka anandigogoda m'mutu ndi chigongono pa khwerero lililonse. Amene sanabereke apongozi ake sadziwa kulemera. Ndi matumba atatu a chimanga, limodzi thupi, awiriwo manyazi.

Njira ya ku posito, kachipatala kumene kunali enferimeru wotsuka ndi kusoka mabala, inkadutsa m'mudzi wa maliro uja. Ina kunalibe. Ndinatulukira pakati pa anthu ndili chifuwa pamtunda, magazi mpaka m'mawondo, mayi a mkazi wanga atandikoleka manja m'khosi.

Kulira kunaduka. Mayi wina anatsala kukamwa kuli yasa, ntchentche inalowa, n'kutuluka, n'kubweranso ndi anzake. Adzukulu ochokera kokumba manda anagwetsa makasu. Ena amati malemuwo anadzutsa mutu pang'ono kuti aone. Zimenezo sindingachitire umboni, ndinali nditawerama. Mkazi wanga anangokhala pansi pomwe anaimapo, manja kumutu.

Woyamba kupeza mawu anali malume a mkazi wanga, mlongo wawo wa apongozi, mwini mbumba.

"Tsitsa! Mkamwini iwe, wapenga? Tsitsa mlongo wanga!"

"Ndiwatsitsire pati, bambo?"

Funso limenelo linawadzutsa. Anamanga machila ndi nsalu, amuna anayi n'kuthamanga nawo. Enferimeru anawasoka asanakomoke, ndipo apongoziwo anagona kumeneko sabata ziwiri.

Ine pobwerera ndinapeza mphasa yanga panja, khasu atalisanjika pamwamba. Mkazi wanga anali m'nyumba, ndinkamumva akulira, koma chitseko sichinali m'manja mwake. Ndinasamukira m'kachisakasa kolonderamo kumunda, podikira kuti apongozi abwere, mlandu ukambidwe. Masiku onsewo ndinkatchera khutu. Ndinkati amene anandilowetsa m'dzenje andiuze potulukira. Kunali zii.

Akatekisita anandipeza komweko ndikuwotcha chimanga.

"Ndamva kuti wina walankhula nanu mumtima."

"Walankhula. Taonani pamene wandifikitsa."

Anayang'ana denga lodontha, mphasa, ndi mapazi anga. "Eya. Ndi Iyeyo."

"Nanga za ukwati wanga sanenapo kanthu?"

"Anakulonjezani kanthu musanatsike?"

"Ayi."

"Mukadadziwa kuti mudzagona muno, mukadawasiya?"

Ndinafuna kunena kuti inde, chifukwa udzudzu wa kumunda kuja unali waukulu ngati njiwa. Pakamwa panakana. Akatekisita anatenga chimanga changa chowotcha bwino, n'kumapita akuchikukuta ndi dzino lawo lija.

Mlandu unakambidwa pakhomo pa apongozi. Iwo anakhala kuseri kwa nkhokwe atatifulatira, mwendo atautambasula. Malume anaika milandu iwiri, kukumba mbuna panjira ya anthu ndi kugwira thupi la apongozi. Za mbuna, mkazi wanga anaimirira n'kuvomera kuti uthenga unafera m'manja mwake. Za kugwira, panalibe chokana, anthu a midzi itatu anaona. Malume anati munthu wopanda mwambo sangakhale pakati pa mbumba yawo, apite kwawo lero lomwe. Anthu anang'ung'udza movomereza. Ine ndinali nditayamba kale kuganiza za mtunda wa kwathu.

Kuseri kwa nkhokwe kunamveka kutsokomola.

"Achimwene, mwalankhula bwino," anatero apongozi, osacheuka. "Manyazi amene anandichititsa munthu uyu ndidzafa nawo. Koma m'dzenje muja ndinaitana inu. Ndinaitana amayi athu amene ali kumanda, ndinaitana agogo. Palibe anatsika. Anatsika ndi wopanda mwamboyu. Mukamuchotsa, mundipezere wina wopanda mwambo, chifukwa mwendo uwu wayamba kundivuta, ndipo maenje m'dziko muno sanathe."

Malume anacheuka. Anayang'ana akuluakulu anzawo, onse anali otanganidwa ndi zala zawo zakuphazi. Pomaliza anagamula kuti ndipereke tambala wochotsera manyazi, ndipo mbunayo ndiikwirire dzuwa lisanalowe.

Ndinaikwirira, n'kupondaponda pamwamba. Tsiku limenelo ndinagona m'nyumba. Chaka chimenecho nguluwe zinadya theka la munda, ndipo m'mudzi monse palibe anandifunsa kanthu.