Mbarka ndi Matumba Osokedwa

Tsiku loyamba kumuona Mbarka anali pageti pake, akukalipira mwana wake ndi mawu achimuna ngati wapolisi. "Iwe! Ima pomwepo! Chiphaso!" Ine ndinali pawindo, ndikadali m'masiku olira mwamuna wanga. Mwanayo, Bilel, mnyamata wamtali wandevu zongomera kumene, anatambasula manja n'kutchula dzina lake ndi la msewu wathu. Amake anamupsompsona pachipumi n'kumutuma kokagula ufa.

Mbarka amaphika buledi wa tabouna n'kumagulitsa kuno ku Sfax. Kwawo ndi ku Gabès, m'dziko lomwe lino, iye ndi makolo ake onse, koma ndi wakuda, ndipo apolisi ena akaona mnyamata wakuda amayesa mlendo wofuna kuwoloka nyanja. Bilel sayang'ana munthu m'maso. Akachita mantha amabwereza mawu amene wauzidwa, dzanja n'kuthamangira m'thumba kukafuna kachingwe kamene amaseweretsa kuti mtima ukhale pansi.

"Dzanja limeneli lidzandiphetsa mwana, Lella Hedia. Apolisi adzayesa akutulutsa mpeni," anatero Mbarka titazolowerana. Ndinamupeza akusoka matumba onse a mathalauza a Bilel. Kachingwe anakamanga pamkono, chiphaso n'kumupachika m'khosi.

Lachisanu lililonse amapita naye kupolisi ya kwathu, buledi wotentha ali m'nsalu.

"Khalti Mbarka, azakhali athu, mukufuna kutinenepetsa kuti tizilephera kuthamangitsa akuba?" amatero Si Lotfi, wapolisi wachikulire wa pakhomo.

"Mimbayo munabwera nayo nokha. Ine ndabwera kuti mumuone mwanangu. Muyang'anitsitseni."

Koma apolisi amasamutsidwa. Mwezi wathawu watsopano wina anamuimitsa Bilel pafupi ndi msika. "Dzina lako ndani?" Bilel naye, "Dzina lako ndani?" Uja anayesa chipongwe n'kumumanga unyolo. Wachikulire uja, Si Lotfi, ndiye anamubweretsa madzulo, mikono itatupa. Bilel analowa pansi pa tebulo, osafuna kudya.

Ndinkayesa Mbarka apita kukatukwana. Anaphika buledi, n'kukafunsa wapolisi yemweyo dzina lake ndi la amayi ake. Anamusonyeza kachingwe kaja, n'kumuuza kuti mwanayu akafunsidwa motsitsa mawu amayankha bwinobwino. Wapolisiyo analandira buledi atazyolika.

Dzulo mchimwene wa Mbarka anabwera kudzamutenga, madokotala akukamuchita opaleshoni ya mwendo ku Tunis. Bilel watsala ndi ine. Ali kale m'galimoto, Mbarka anandikodola ndi dzanja.

"Lachisanu mupite naye kupolisi. Ndamva kuti kwabweranso ena awiri atsopano."

Ndinamuuza zoona, kuti ine pamaso pa amuna ovala yunifolomu lilime limauma, ndiponso buledi wanga amatuluka ngati njerwa.

"Agwetse mano, zawo zimenezo," anatero akuseka, kenako anandigwira dzanja mwamphamvu. "Simufunika kulankhula, mchemwali wanga. Mungoima pambali pake, aone kuti ali ndi abale."