Kuyendetsa Apongozi ku Mandava

Apongozi anga aamuna, amene anakalambira mu mgodi wa ku Zvishavane, anachita sitiroko chaka chija m'masitolo munalibe ngakhale buledi. Mwamuna wanga anali ku Joni, ndiye ntchito yowasamalira kunyumba kwathu ku Mandava inagwera ine. Dzanja lawo ndi mwendo wakumanja zinafa, ndipo tulo tawo tinasokonekera. Masana ankangogona, usiku n'kumagogoda khoma ndi kapu.

Namwino wina, asanathawire kunja monga anzake ambiri, anandilangiza kuti ndisamawalole kugona masana, koma ndiziwayendetsa tsiku lililonse. Choncho ndinkawadzutsa, kuwakoleka paphewa panga, n'kuyenda nawo kuchokera pakhomo kukafika pampanda.

Ankadana nane koopsa. Pakamwa pawo panapotoka, koma mawu otukwana ankatuluka bwinobwino.

"Iwe muroora, mkazi wa mwana wanga, wasanduka kapitawo wa mzungu? Ndisiye ndigone!"

"Bambo, mukagona pano, usiku tonsefe sitigona."

Tsiku lina anandilavulira kumaso aneba akuona. Ndinawakhazika pafumbi n'kuwasiya pomwepo.

"Ngati mukufuna bedi lanu, dzukani mukalipeze nokha," ndinatero.

Ndinakakhala pakhonde. Iwo anakwawa mpaka pampanda, anagwira waya ndi dzanja lamoyolo, n'kuimirira okha kwa nthawi yoyamba. Anangondiyang'ana ndi diso loipa.

Patapita miyezi anayamba kuyenda ndi ndodo, usiku n'kumagonako bwino. Komabe mpaka kumwalira kwawo ankauza mlendo aliyense kuti mwana wawo anakwatira mfiti. Inenso sindinawapepese.