Chisipanishi cha pamkono

Achemwali anga Esinati, lero ndapeza kope lanu la Chisipanishi m'chikwama, mtima wayambanso kuwawa. Ndakumbuka tsiku lija tikuthyola tiyi limodzi, inu mutalemba mawu pamkono ndi bolopeni poti mame ankanyowetsa pepala. "Me lavo, me lavé, me lavaré," munkatero, n'kundimasulira kuti ndikusamba, ndinasamba, ndidzasamba. Munkafuna kukagwira ntchito yosamalira okalamba ku Spain. Akapitawo athu anakugwirani mkonowo n'kuonetsa gulu lonse, amvekere, "Taonani mzungu wa ku Nsabwe!" Anthu anafa nacho chiseko, inu munangopitiriza kuthyola.

Mutadwala, akapitawo omwewo anakukanizani kupita kuchipatala, akuti mukunamizira. Koma pamaliro anu anaimirira atavala jekete, n'kunena kuti tataya mtsikana wanzeru. Achemwali, mundikhululukire, mpaka lero sindiwapatsa moni.