Anakapa Chitsime Mlendo Asanafike

Mpaka lero sindimwa madzi ndisanawanunkhize. Ena amati ndi matama, ine sindiwayankha. Mphuno yangayi inaphunzira zimenezi m'mapiri a ku Chezi, kumene ndinapita chitengwa.

Chitsime chathu chinali m'mphepete mwa kamtsinje, kumunsi kwa manazale a fodya. M'chilimwe amuna a m'mudzimo, anga omwe, ankapopera mankhwala pamabedi, akatha n'kutsukira masipuleya awo mumtsinjemo. Thovu loyera linkatsetsereka pang'onopang'ono kudutsa pomwe ife tinkatunga. Chaka chimenecho dzuwa linaswa mtengo, madzi anachepa, ndipo fungo lomwe ndinkalimva pamalaya a amuna anga ndinayamba kulimva m'ndowa. Mbululu zinayandama chagada, achule analeka kulira.

Mwana wanga wamkazi anali atangoleka kuyamwa. Anayamba kusanza, dovu chuchuchu, maso psuu. Akapezako bwino, ziyambirenso. Ine mtima sunali m'malo. Ndikakhala pansi ndinyamuke, ndikagwira tsache ndilisiye, ndipite kuchitsime kukangoyang'ana madzi ngati andiuza kanthu.

Nditawauza amuna anga anangoti, "Madzi oyenda sasunga kanthu, mayi." Nditawauza apongozi anga aakazi, zinavuta.

"Chitsime chimenecho anakumba ndi malemu amuna anga," anatero. "Amuna anuwo akulira madzi omwewo, taonani chimunthu chake. Kwanu ku Mponela mumamwa a pampopi, ndiye mwabwera kudzatinyogodola?"

Mjigo unalipo, koma kuseri kwa phiri, kusukulu. Mtengwa kusenza ndowa kulambalala chitsime cha eni mudzi kunali ngati kuwatukwana masana. Ndinkapitabe mozemba, ndowa nditaiphimba ndi chitenje, koma mwana wa pamudzi amamwa pakhomo lililonse. Ndinkafuna munthu wina, woti iwo angamumvere, anene zomwe mphuno yanga inkanena.

Ndinakadandaula kwa mlangizi wa zaumoyo. Anandimvera bwino bambo uja, ndipo analonjeza kubweretsa munthu woyeza madzi. Pofuna kuti anthu adzapezeke, anapempha kuti alengeze kutchalitchi. Akulu a mpingo analengezadi Lamulungu, pakati pa za maliro ndi za kwaya: kukubwera mlendo wodzaona chitsime chathu.

Sabata yomweyo mwana anadwalikanso ndipo tinagonekedwa kuchipatala. Tinatuluka m'mawa wa tsiku la mlendoyo. Ndinakwera kabaza ndikuti lero choonadi chioneka. Ndisanafike n'kunyumba komwe, ndinatsikira kuchitsime, mwana ali kumsana.

Mayo ine! Njira yonse inali yolambulidwa. Pachitsime anasesa, anazira, anandandalika timiyala topaka laimu. Mlamu wanga wamkazi anandifotokozera monyadira kuti amayi onse anagwirizana, anakapa chitsime mpaka pamchenga, kawiri konse, kenako n'kuthiramo kulorini. Amuna anauzidwa kuti asapopere kufikira mlendo atapita. Masipuleya anabisidwa m'zigafa za fodya, mabotolo a mankhwala omwe ankangoti mbwee m'mphepete mwa mtsinje anakwiriridwa.

Sanachite zimenezi mwa chiwembu ayi. Kwathu kuno mlendo sapeza pakhomo pali zinyalala. Abusa akamabwera timazira nyumba, alangizi akamabwera timakonza zimbudzi. Ndiye wodzaona chitsime apeze mbululu zakufa, akatiyese anthu otani? Apongozi anga ndi amene anatsogolera ntchitoyo, msana wawo wovutawo, ndipo anavala chitenje cha kuchigwirizano kumulandira.

Woyezayo anali mayi waulemu, wovala nsapato zamphira. Anatunga madzi m'timabotolo, ena anawadontheza mankhwala pomwepo, ena anawatseka kuti akawayeze kutauni. Anayamikira ukhondo. Amayi a m'mudzimo analulutira.

Ndinayandikira n'kunena motsitsa mawu, "Amayi, madzi awa si omwe timamwa masiku onse."

"Mumatunga pena?" anandifunsa.

"Ayi, pompano. Koma..."

Maso onse anali pa ine, a apongozi, a amuna anga, a akulu a mpingo. Ndinanenabe za masipuleya. Mayiyo anayang'ana kumtunda, anaona mabedi obiriwira ndi madzi oyera mbee. Anati amva, ndipo botolo likanena lokha. Mlendo ndi mame, dzuwa lisanafike paliwombo anali atapita. Mawa lake thovu linabwerera, lochuluka kuposa kale, poti amuna ankabwezera masiku omwe sanapopere.

Patapita nthawi mlangizi uja anabwera ndi yankho. M'madzi omwe anatengedwa sanapezemo choopsa. Anandiyang'ana mwachisoni, koma akanatani? Botolo silinaname. Linanena za madzi omwe linapatsidwa.

Masana a tsikulo apongozi anandipeza pakhonde, mwana ali pamiyendo panga, atawonda ngati kamwana ka mbalame. Anabwera ndi kapu yapulasitiki yodzaza madzi a pachitsime. Sanabwere mwa ndewu. Nkhope yawo inali yowala, ngati munthu wodzathetsa mkangano.

"Mwamva nokha, oyeza anena kuti ndi abwino," anatero. "Tiyeni tiiwale. Bwera kuno mdzukulu wanga, imwa madzi a agogo ako."

Mwana anatambasula timanja. Fungo lija linandipeza kapu isanafike. Kuikankha sindikanatha, amuna anga anali chiimire pakhomo, alamu akuyang'ana. Ndinagwada, ndinalandira kapuyo ndi manja awiri monga ayenera mtengwa.

"Zikomo amayi, ine ndiye ludzu landipha," ndinatero.

Ndinamwa onse, osasiyako ndi dontho lomwe. Apongozi anaseka mokondwa, anatenga kapuyo, n'kupita kukatunga ena a mwana.