Pasiwedi Yovotera

Chaka chimene tchalitchi chathu cha kufupi ndi Nsaru chinalandira kabokosi ka wayifayi, mmisiri amene anadzakaika analangiza momveka bwino. Anati pasiwedi ikhale yaitali, yosakaniza zilembo ndi manambala, ndipo aidziwe anthu awiri okha.

Atangokwera njinga yamoto kubwerera ku Lilongwe, wapampando wa akulu ampingo anapukusa mutu. Bambo amenewa foni yawo inali ya mabatani, koma pa nkhani iliyonse iwo ndiwo anali katswiri.

"Mumpingo mulibe zobisa," anatero. "Zamseri n'za afiti."

Choncho Lamulungu titamaliza mapemphero, mpingo wonse unasankha pasiwedi mokweza manja, mazenera ali pululu. Inapambana ndi "Aleluya". Wina atakumbutsa za manambala, anawonjezera chaka chimene tchalitchi chinamangidwa, cholembedwa pamwamba pa chitseko. Kumeneko n'kukhoma khola n'kupachika kiyi pa mphanda.

Sabata isanathe, khonde la tchalitchi linadzaza anyamata amene sindinawaonepo m'mapemphero. Wapampando ankayenda chifuwa patsogolo, kuuza aliyense kuti achinyamata abwerera kwa Mulungu. Anthuwo ankaonera mpira pa mafoni awo.

Ine zikanangondiseketsa, koma mwana wanga wamkazi anali ataitanidwa ku mayeso oyankha mafunso a sukulu ya unamwino, ochitira pa foni moonana nkhope. Kwathu netiweki imagwira pachulu pokha, ndiye chiyembekezo chathu chonse chinali pa kabokosi kaja. Ndinapita kwa wapampando, ndinagwada.

"Bambo, tasinthani pasiwedi kwa tsiku limodzi lokha, mwanayu ayankhe mafunso bwinobwino."

"Mayi, kodi mukufuna ndithamangitse nkhosa pakhomo la Ambuye? Nkhani yotere imafunika komiti, eti?"

Mpaka lero ndimanyansidwa ndikakumbukira kuti ndinawathokoza.

Tsiku la mayeso mwana wanga anakhala pa benchi yakutsogolo, foni itatsamira buku la nyimbo. Panja anyamata anali thithithi. Ofunsa anaonekera, anamupatsa moni, anamufunsa chifukwa chimene akufunira unamwino. Atangotsegula pakamwa, netiweki inalemedwa, nkhope zawo zinauma pa foni. Anabwereza yankho lake kwa anthu osagwedezeka, kenako bandulo ya kabokosi kaja inatha.

Wapampando anasuzumira pakhomo n'kunena kuti zonse zili ndi nthawi yake.  Tikufika kunyumba mwana wanga anavula bulauzi yoyera imene anabwereka kwa aphunzitsi ake akale, anaipinda bwinobwino, n'kundipempha kuti ndikabweze ndine.