Tsaya la Mng'ono Wanga

Chaka chimene sukulu ya pulayimale inakhala yaulere, mng'ono wanga anatupa tsaya lakumanzere. Anali atangoyamba Sitandade 1. Kwathu ku Chia aliyense anati ndi matsagwidi, aphwa okha. Koma tsayalo linkangokulirakulira, mano n'kuyamba kugwedera, diso n'kutsekeka. Kuchipatala cha pa boma anangomuona kamodzi, n'kutitumiza ku Lilongwe. Amayi anali ndi khanda, choncho gadiyani ndinakhala ine, ndi poto mmodzi ndi kathumba ka ufa wa kondowole.

Dokotala wa ku wodi ya ana anandikhazika pansi.

"Iyi ndi khansa, dzina lake limfoma," anatero. "Imagwira timinofu tija timatupa munthu akakhala ndi mwanabere. Mwa ana imakula msanga, komanso imamva mankhwala msanga. Chotupachi chiphwa, koma musanyengeke. Ili ngati nansongole, mukasadzula masamba mizu imatsala pansi. Muzibwera naye mpaka timalize."

Dilipi yoyamba inachita zodabwitsa. Sabata isanathe diso linatseguka, mwana n'kuyamba kulirira chambo. Itatha yachiwiri anatilola kukapuma kumudzi, tsiku lobwerera atatiuza.

Kumudziko tsitsi lake linayamba kuthothoka. Dokotala anali atanena kuti mankhwalawo amatero, ndipo limameranso. Koma zaka zimenezo tinkaika maliro sabata ndi sabata, ndipo munthu wowonda, wa tsitsi lapepelepepele, anthu ankamudziwira matenda amodzi okha. Pa mjigo amayi ena ankakoka ana awo mng'ono wangayo akayandikira. Mmodzi anatsuka kapu imene anamwera, natsukanso kachiwiri, ine ndikuona. Mpaka lero mayiyo ndimamupatsa moni wa pakamwa pokha.

Tsiku lobwerera litayandikira, kunabwera amalume, mlongo wawo wa amayi. Kwathu mwini ana ndi malume. Bambo ndi mkamwini, wobwera.

"Chotupa chija chili kuti?" anafunsa amalume.

"Chinaphwa, amalume, koma adokotala anati..."

"Ngati chinaphwa ndiye kuti mwana wachira. Mankhwala othothola tsitsi, osanzitsa mwana, ndi mankhwala amenewo? Mudzi wonse ukuti m'mbumba mwanga mwalowa matenda a boma. Sapitanso."

Ndinafotokoza za nansongole. Ndinakweza mawu, chinthu chimene mtsikana sachita pamaso pa amalume ake. Iwo anati mwana wa dzulodzuloli sangawaphunzitse kulera. Amayi ankalira chamumtima, abambo akuyang'ana zala za kumapazi kwawo. Amene anakondwa anali mng'ono wangayo, chifukwa singano ankaiopa koopsa. Anavina pabwalo atamva kuti sakabayidwanso.

Chowawa n'chakuti kwa miyezi ingapo amalume ankaoneka ngati anena zoona. Tsitsi linamera, thupi linabwerera, mwana anabwerera kusukulu, akaweruka n'kumakaingitsa mbalame ku mpunga. Amalume akamuona akuthamanga ankanditembenukira: "Adokotala athu, mwaona odwala anu?" Ine ndinkangopemphera kuti wolakwa ndikhale ine.

Mpunga utakololedwa mwana uja anayamba kudandaula msana. Kenaka mimba inatupa, miyendo n'kulefuka. Ulendo uno abambo sanapemphe chilolezo kwa munthu. Anamubereka okha mpaka kumsewu, natikweza matola.

Dokotala yemwe uja anamuzindikira. Sanandikalipire, ngakhale ndikanakonda akanatero. Anapima mimba, natuluka nane pakhonde. Anati khansayi ikabwerera chonchi kawirikawiri siimvanso mankhwala amene anali nawo, koma ayesa, ndipo aonetsetsa kuti asamve ululu.

Titalowanso, namwino anali atafika ndi dilipi. Kale mng'ono wangayo tinkachita kumugwira anthu awiri, iye akukuwa. Tsiku limenelo anatambasula yekha kamkono kake.

"Achemwali," anandiitana, "muwauze andibaye mankhwala onse amene ndinajomba aja. Sindilira."

Sanaliredi. Anapirira singano zonse, n'kumandifunsa m'mawa uliwonse ngati mimba yaphwako. Ndinkamuyankha kuti pang'ono. Anamwalira mvula yoyamba isanagwe, ndipo mpaka tsiku lomaliza ankakhulupirira kuti wojomba anali iyeyo.